Mukufuna utelala? Bwerani mawa

Mnyamata wina wa ku Kameme anagulitsa mbuzi n'kukagula makina a Butterfly ku Tunduma, aja opalasa ndi mapazi. Atafika pa boma la Chitipa anakapempha khonde kwa mwini sitolo.

"Kusokako umatha?"

"Ayi bambo, koma njinga ndinayamba kupalasa ndili mwana."

Khondelo anam'patsa. Lendi siyang'ana luso.

Ena ofuna utelala amadzera kumaphunziro a TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, koma ambiri sukulu yawo ndi mpando wa pambali pa telala wamkulu. Miyezi yoyamba ntchito ndi kukupiza makala a m'simbi, kusoka mabatani ndi kudula mapepala a matumba a simenti. Wophunzira wina atatopa anafunsa: "Abwana, nsalu yeniyeni ndidzayamba liti kudula?" Abwanawo osadzutsa n'komwe mutu: "Tsiku lomwe udzakhale ndi ndalama yobwezera mwini wake."

Kuno n'kwa zilankhulo zambiri: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, kuphatikizapo Chiswahili cha amalonda odutsa. Wophunzira yemweyo kuika zipi kunkamukanika, koma anali atadziwa kale kunena "bwerani mawa" m'zilankhulo zonsezi. Abwana anati ameneyu ali ndi tsogolo.

Bambo wina wa ku Misuku anayezetsa thalauza mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee. Anadzaitenga mu Ogasiti, atakolola chimanga ndi kugulitsa khofi. Batani linakana kukumana ndi bowo lake. "Telala iwe, wandibera nsalu!" Telala anatulutsa kope la miyezo n'kuloza: "Bambo, amene ndinawayeza ine ndi awa. Inu sindikukudziwani." Kuchokera pamenepo telalayo amabisa nsalu yapadera m'chiuno mwa thalauza, ndipo pambali pa dzina la kasitomala amalembanso mwezi.

Mayi wina anabwera ndi chithunzi cha pa Facebook: mkwatibwi wa ku Lagos, diresi yake ikukokota pansi kuchokera kuguwa mpaka pakhomo la tchalitchi. M'manja ananyamula chitenje chimodzi cha mamita 2. Telala anayang'ana foni, nayang'ana chitenje. "Mayi, apa patuluka mkono umodzi. Tiyambe wakumanja kapena wakumanzere?"

Ndalama ya woyamba kumene ili pa yunifolomu mu Seputembala ndi pochepetsa zovala za kaunjika, zija anasokera zimphona za ku Ulaya. Koma makolo nawo ndi akatswiri a masamu. Wina anati: "Mwanayu akuyamba Sitandade 1, koma kabudulayo akafike naye Sitandade 8." Aphunzitsi akuti m'mawa pageti pamayamba kulowa kabudula, mwana amatulukira pambuyo.

Nkhani yovuta ndi ya zidutswa zotsala. Banja lina linasoketsa zitenje zofanana za ukwati, telala n'kulumbira kuti kanangotsala kachidutswa kosakwana n'kupukutira thukuta. Lamlungu lotsatira, kutchalitchi kunalowa kamtsikana ka telalayo katatchena diresi ya nsalu yomwe ija, ndi kampango komwe. Apongozi a mkwati anam'dikira telala pakhomo.

"Achimwene, kachidutswa kaja ndi kameneka?"

"Ndi komweko, mayi. Kakukwanitsa zaka 4 mwezi wamawa."