Za Mawaya Awiri a Bwana Wanga

Randburg, Johannesburg

Okondeka Alamu,

Kuno chisanu cha mwezi wa June chafika ndi ukali wake wonse.

Uthenga wanu ndinaulandira, wakuti pobwera kumudzi ndidzakutengereni masipika okhala ndi tizikhomo tinayi kumbuyo, ndiponso mawaya awiri pa sipika iliyonse, popeza mnyamata wina wa pamsika wakutsimikizirani kuti nyimbo zoyenda m'mawaya awiri zimakoma koposa zoyenda m'waya mmodzi. Mwafunsa munthu woyenera, pakuti bwana amene ndimamusamalira maluwa ndi mkulu wa mpingo wa chiphunzitso chimenechi, ndipo amene amagwada kuseri kwa masipika ake ndi kumanga mawayawo ndine.

M'bokosi lililonse muli masipika awiri: yaikulu yotchedwa woofer, imene imatulutsa mawu a ng'oma ndi besi, ndi kakang'ono kotchedwa tweeter, kamene kamatulutsa mawu osongoka, ndipo pakati pawo pali kachipangizo kotchedwa crossover, kamene kamagawa mawu, aakulu kuno, aang'ono uko. Tizikhomo tinayito timabwera titalumikizidwa tiwiritiwiri ndi tizitsulo tosalala tonyezimira. Tsono a chiphunzitsochi amachotsa tizitsuloto, nakoka waya wina kupita ku woofer, wina ku tweeter. Koma taonani, Alamu, mawaya onse awiriwo amakamangidwa pa zikhomo zomwezomwezo za ampulifaya imodzi yomweyo! Kuli ngati mayi wopita ndi ndowa ziwiri pa mjigo umodzi, nabwerako akulumbira kuti madzi a ndowa yakumanzere ndiwo ozuna.

Tsiku limene mawaya atsopano anafika, onenepa ndi okutidwa ndi nsalu yolukidwa, bwana anaika tizitsulo tija m'envulopu, nakhala pa mpando wake wa chikopa pakatikati penipeni pa chipinda, naika nyimbo ya lipenga la Hugh Masekela. Ndipo atatseka maso ndi kupukusa mutu kwa nthawi yaitali, ananena kuti tsopano akumva ngakhale mpweya wa woimbayo. Ine ndinavomera ndi mutu, pakuti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo lendi ya kachipinda kanga imachokera m'thumba mwake. Komatu munthu yemweyu, amene zaka 70 anazipitirira kale, samva belu la pageti ngakhale litalira kufikira agalu a nyumba zitatu atadzuka. Khutu la mwana limamva kufika pa ma hertz 20,000, koma ukalamba umayamba kudya mawu osongoka omwewo amene tweeter imatulutsa.

Amene anadula chisa cha njuchi ndi mayi a m'nyumba, amene anali ataona lisiti. Iwo analamula kuti bambo akhale chofulatira, ine ndizisintha mawaya kumbuyo osanena kanthu, bambowo azitchula ngati ali awiri kapena mmodzi. Ndipo kunali tero. Pena anakhoza, pena anaphonya, monga achitira munthu wongolota; koma chimene sindidzaiwala ndi chakuti pamene ndinangogogoda bokosi, osakhudza waya ndi mmodzi yemwe, bwana anafuula mokondwera kuti, “Eya, tsopano zatseguka!” Mayi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kapeti, ndipo madzulo ake ndinalandira nyama yambiri pa mbale yanga kuposa masiku onse.

Pambuyo pake ndinafunsa m'Zimbabwe wina wodziwa zamagetsi, amene anabwera kudzakonza injini ya geti, ndipo iye anandiwerengera pa chikatoni kuti waya wa mkuwa wa 2.5 mm², wotalika mamita 3, amapinga magetsi ndi ma ohm 0.04 okha kupita ndi kubwerera, pamene sipika payokha ili ndi ma ohm 8. Kusiyana kulipo ndithu, anatero, ndipo makina oyezera akhoza kukupeza, koma nkochepa kwambiri kotero kuti kusuntha mpando pang'ono, kapena kuchotsa sipika pakona, kumasintha mawu koposa apo. Amene afuna kusintha kwenikweni amagula maampulifaya awiri, ina ya woofer ina ya tweeter, ndipo imeneyo ndi nkhani ina, ya anthu olemera a ku Sandton. Bwana sanagonje, akuti tsiku losintha mawaya lija anali ndi chimfine.

Tsono Alamu, akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo kuno ku Joni, kumene akuba amafukula mkuwa ngakhale pansi pa msewu kufikira dera lonse ligona mumdima, kukhala ndi mkuwa wambiri m'nyumba ndiko kudziitanira alendo ausiku. Masipika ndidzabwera nawo mu December, Mulungu akalola, koma tizitsulo take musadzachotse, ndipo waya adzakhala mmodzi, wonenepa bwino. Marandi amene akanapita ku waya wachiwiri ndatumiza kwa mlongo wanga kuti agule feteleza, musamuvutitse nawo. Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa a Mfumu.

Ndine mlamu wanu wa ku Joni.