Kwa Eni Kudyetsa Nthanga

Makolo athu, amene sadalotepo kuti lidzafika tsiku loti munthu wamkulu, wandevu zake, adzaime pamzere ndi ndalama m'manja pofuna kugula bonongwe, adatisiyira mwambi uja wakuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ndipo ife amene tidawoloka Zambezi pa Tete ndi Limpopo pa Beitbridge kudzasaka maganyu kuno ku Pretoria takhala tikuutchula mwambiwu mopukusa mitu, aliyense akukumbukira nkhokwe ya kwawo. Koma taonani, masiku ano mwambiwu wagwa chagada. M'masitolo a zakudya zopatsa thanzi a ku Brooklyn ndi ku Menlyn, kumene kumagula anthu a matumba olemera, nthanga zikugulitsidwa m'timapaketi tonyezimira, ndipo mukawerengera pa kilogalamu, mtengo wake uposa wa dzungu kakhumi, mwinanso kupitirira. Tsono mwininyumba wa ku Pretoria akakuikirani nthanga m'mbale, ombani m'manja mwaulemu, pakuti wakuyesani mlendo wolemekezeka. Dzungulo adzapatsa mnyamata wosesa pabwalo.

Pali mayi wina wa kwathu, wochokera kumapiri a Dedza, amene ali ndi kagolosale ku Sunnyside, ndipo nkhani ya nthangayi idamugwera iyeyu mwa njira yakeyake. Poyamba adali kugulitsa zimene Amalawi onse a kuno amazilakalaka: usipa, utaka, mpunga wa Kilombero, ufa wa kondowole, nsinjiro, Sobo ndi tsabola wa Nali, zonsezo zitagona m'mimba mwa basi kuchokera ku Blantyre kudzera pa Mwanza ndi pa Nyamapanda. Koma Loweruka lina m'mbandakucha adakacheza ku Boeremark, msika wa alimi wa ku Silverton, ndipo kumeneko adaona chodabwitsa: anthu akuwonjezera ndalama mokondwera atangomva kuti nkhuku imene akugulayo idakulira pafupi, ndi kuti woweta wake ndi yemweyo waima kuseri kwa tebulo. Mayiyo adabwerako mtima ukuyaka, nalemba chikwangwani chachikulu pakhomo pa golosale yake chonena kuti zonse za m'menemo n'zolimidwa pafupi. Usipa uja adaukankhira pansi pa kauntala, kumene umagulidwabe monong'ona ngati kachasu.

Kulumbira n'kosavuta, koma funso lakuti pafupi m'pati lidamusowetsa tulo. Katundu wa magolosale ambiri a mumzinda uno amachokera ku msika waukulu wa Tshwane, cha ku Marabastad, kumene alimi amatumiza zokolola zawo ndipo maejenti amawagulitsira n'kudulapo yawo. Ndipo mayi wathuyu, amene kale ankangofunsa mtengo, adayamba kufunsa bokosi lililonse kwawo ndi mfumu yake. Matimati adati kwawo ndi ku Mooketsi, m'chigawo cha Limpopo. Maapozi adati ku Ceres, ulendo woposa makilomita 1,000. Nthochi zina zidavomera mwamanyazi kuti n'za ku Mozambique. Amene adapezeka kuti ndi anansi enieni adali kabichi, sipinachi ndi maungu a ku Brits, mtunda wa makilomita ngati 50 kumadzulo. Ndipo pofika June, chisanu cha kuno chitapsereza masamba a nkhwani m'madimba, mashelefu a mayiyo adayamba kuoneka ngati a munthu amene akusamuka.

Apo m'pamene adafika makasitomala atsopano, ana asukulu za ukachenjede ndi madona othamanga m'mamawa, okopeka ndi chikwangwani chija, nafunsa nthanga. Mayiyo adapita kukapikula, koma atatembenuza paketi kuti awerenge kumene zidachokera, adapeza dzina la China, dziko limene limatumiza nthanga zochuluka kumisika ya dziko lapansi. Munthu wamba akadangotseka maso n'kuziika pashelefu. Koma mwana wa ku Dedza, woleredwa pa Katekisimu, sakadatha kuika bodza pansi pa chikwangwani chake chomwe; choncho adatsimikiza mtima kuti nthanga azikonza yekha kuchokera m'maungu a ku Brits.

Inu owerenga amene mudasendapo nthanga mukudziwa kale kumene nkhaniyi ikulowera. Dzungu limodzi, ngakhale likule bwanji, limapereka nthanga zongodzaza dzanja. Uyenera kulidula, kukumba matumbo ake, kutsuka, ndi kuyanika. Ndipo popeza ku Sunnyside kulibe bwalo loyalapo mphasa, mayiyo adayanika pakhonde la nyumba yosanja imene amachita lendi, mpaka nkhunda za mumzinda zidaitanizana kuti kwagwa mana. Adaikapo mwana wolondera, mwanayo nayamba kudya zoposa za nkhunda. Zitauma, padabuka mlandu wina: makasitomala aja amafuna nthanga zobiriwira, zopanda makoko, pamene za maungu oyera a Maburu zimabwera zitavala malaya olimba. Kuyambira pamenepo banja lonse, bambo, ana ndi mlamu amene adangofika kumene kudzafuna ntchito, lidali kukhala pansi madzulo alionse kusenda nthanga imodziimodzi ndi zikhadabo, wailesi ikulira, popanda wolankhula.

Nanga maungu okumbidwa aja apite kuti? Wogula safuna dzungu lobooka, ndipo kutaya chakudya ndi tchimo limene mayiyo sakadalisenza. M'mawa linali dzungu lophika, masana dzungu, madzulo phala la dzungu. Mlendo aliyense wolankhula Chichewa amene adaponda pakhomopo adatuluka atanyamula chibenthu, afune asafune, a mpingo adalandira chachikhumi cha maungu, ndipo tsiku lina bambo wa m'nyumbamo, munthu wofatsa amene sadakwezepo mawu, adayang'ana mbale yake nthawi yaitali, nati: "Mayi a ana, kodi sindingalaweko nthanga ziwiri zokha, zokazinga ndi kamchere?" Mayiyo adayankha kuti: "Pepani bambo, zimenezo n'za malonda, onjezerani dzungu." Umo ndi mmene mwambi wa makolo udatembenukira m'nyumba ya Mmalawi mwini: kwa eni kudyetsa dzungu, nthanga ukuzifuna.

Ndimaseka, koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene siseketsa kwenikweni. Dzungu la ku Brits lija, limene likutchedwa mwana wa pakhomo, manja ambiri amene amalipalira ndi kulikweza m'lole ndi a anthu a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi a kwathu. Madzi othirira amachokera ku damu la Hartbeespoort, limene limalandira madzi otsika ku Johannesburg, ndipo ena mwa madzi a Johannesburg amatungidwa kumapiri a Lesotho. Dzungu lenilenilo makolo ake adachokera ku America, pamodzi ndi chimanga chimene tonse timalumbirira kuti n'chathu chamakolo. Ngakhale mitengo ya jakaranda imene Pretoria amanyadira mwezi wa October idabwera kuchokera ku South America, ndipo iwiri yoyamba idadzalidwa mu 1888 ku Sunnyside komweku. Zonsezi palibe wozifunsa chiphaso. Wofunsidwa ndi mayi wogulitsayo. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi adamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndi poizoni wophera tizilombo wotchedwa terbufos, ndipo pa 15 November Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalamula kuti timasitolo tonse ta m'makwalala tilembetsedwe m'masiku 21, nthawi imene pambuyo pake idatalikitsidwa kufika pa 28 February 2025. Lamulolo ndikugwirizana nalo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo wogulitsa chakudya ayenera kudziwika ndi kuyenderedwa. Chimene chidandiwawa ndi chakuti m'makwalala mkwiyo udagwera mlendo aliyense wokhala kuseri kwa kauntala, waukhondo ndi wauve yemwe, ngati kuti pasipoti ndiyo imaika poizoni m'chakudya.

Kwa ine, makilomita amene kabichi wayenda sindiwawerengera kwambiri. Chimene ndimapitira ku golosale ya mayiyu, ndikusiya masitolo akuluakulu amene mitengo yake nthawi zina imatsikirapo, n'chakuti dzira likapezeka lovunda ndimadziwa nkhope yokaidandaulira, ndipo iyenso amadziwa mlimi wokamudandaulira, mlimiyo n'kuchita manyazi. Nthanga zake n'zochepa, zina n'zothyoka, ndipo phindu lake, mukachotsapo tulo ta banja lonse, ndikukayika ngati lingagule ngakhale sopo. Koma ndi nthanga zokhazo mu Pretoria muno zimene ndingakuuzeni dzina la mwana amene adazilondera.

Chimene chidzagwetse golosaleyi si China, si chisanu, ndiponso si nkhunda. Pansi pa kauntala, pambali pa usipa uja, pali kabuku kachikuto chakuda, ndipo m'menemo mwadzaza maina a ife tomwe, abale ake a mayiyo, amene timalowa ndi moni wautali, kufunsa za mvula ya ku Dedza ndi za matenda a agogo, kenaka n'kutuluka ndi thumba lodzaza titalonjeza kuti tidzaona kumapeto kwa mwezi. Madona a ku Brooklyn amalipira pompopompo ndi khadi, osadziwa ngakhale kuti Dedza ili kuti. Tsono inu achimwene ndi achemwali amene maina anu ali m'kabukumo, ndipo mukudzidziwa, mwezi watha kale. Pitani mukabweze ngongole ya mayiyo sabata ino, ndipo akakupatsani chibenthu cha dzungu mulandire ndi manja awiri.