Fodya wapachala ngwa mphepo, ngakhale mutamuika m'khadi la kubanki

Makolo athu sadaonepo makina a ATM, koma adasiya mwambi woyenera kumatidwa pamwamba pa makina alionse otulutsa ndalama: "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo." Ankanena za agogo amene atsina fodya m'kabotolo, akweza chala, ndipo mphuno isanalandire kanthu kamphepo kadutsa n'kupita naye. Palibe ulendo waufupi padziko lino woposa wa chala kupita pamphuno, komabe akale adaona kuti ngakhale pamenepo katundu amatayika m'njira. Nanga ndalama yochoka mu akaunti ya pa Cairo Road ku Lusaka n'kukatulukira pakhoma la ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, kapena ku Johannesburg, idzafika yonse bwanji? Chiwerengero chimene foni imakuonetsani kuti ndicho chili mu akaunti ndi fodya wapachala. Chanu chenicheni ndi mapepala amene makina alavula m'manja mwanu, ndipo amene akonza ulendo wake powerengera chiwerengero cha pafoni wawerengera ndi gawo la mphepo lomwe.

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya a ku Kabulonga amene amakwera ndege. Ayi ndithu. Anthu a mu komboni ya Garden ku Lusaka amadutsa malire kuposa mabwana ambiri a m'maofesi, kungoti iwo amadutsa atakhala pampando wa basi, thumba lili pamiyendo. Ngakhale msewu waukulu wodutsa pakomboniyi, Katima Mulilo, udatenga dzina la tauni ya m'malire ku Namibia, ngati kuti ukukumbutsa aliyense kuti azinyamuka. Mayi wolandira chilimba mwezi uno amakakwera basi pasiteshoni ya Intercity kulowera ku Nakonde, kuolokera ku Tunduma, kukaoda zitenje, nsapato ndi mapoto. Wina amadzera pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula umene udatsegulidwa mu May 2021, kukatenga mabulangeti ku South Africa. Wina amadutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe kumaliro kapena kuukwati. Ndalama zimene anthuwa amanyamula ndi mpamba wa bizinesi, ndipo kwacha iliyonse yotsala m'njira ndi katundu amene sadzafika pakantemba.

Tsono mphepo yake siiomba kuchokera mbali imodzi. Poyamba pali banki yanu ya ku Lusaka, imene imadula chaji chokhazikika nthawi iliyonse mwatapa ndalama kunja, kaya mwatapa zambiri kaya zochepa. Kawirikawiri banki yomweyo imaonjezanso peresenti yake chifukwa chakuti mwagwiritsa ntchito ndalama ya dziko lina, ngati kuti mwalakwa kuchoka pakhomo osatsanzika. Kenako pali Visa kapena Mastercard, eni njira imene uthenga wanu umadutsa, amene ali ndi reti yawo yosinthira ndalama. Ndipo popeza kwacha ndi shilingi, ngakhale ali oyandikana nyumba, salankhulana popanda womasulira, kawirikawiri ndalamayo imawerengedwa kaye m'madola isanafike kumene ikupita, ndipo paliponse pamene yasintha zovala pamatsala ulusi. Pomaliza pali mwini makinawo, banki ya dziko laeni, amene naye angathe kulipiritsa mlendo chifukwa chogwira mabatani ake. Aliyense mwa awa amatenga pang'ono, ndipo mukamufunsa payekha amalumbira kuti iye wangonunkhiza chabe. Amanena zoona. Koma anthu anayi akanunkhiza fodya wa chala chimodzi, mwini chala amayetsemula ndi fumbi lokha.

Mphepo yoopsa kuposa zonse ndi imene imabwera mwaulemu. Makina ena akazindikira kuti khadi ndi lachilendo, amafunsa mokoma mtima ngati mungakonde kuti akuwerengereni m'ndalama ya khadi lanu kapena m'madola, kuti mudziwiretu zimene zichoke. Munthu amene wakhala m'basi usiku wonse, miyendo itatupa, akaona chiwerengero chimene akuchimva bwino amadina "inde" ndi chimwemwe, ngati wakumana ndi mnzake wa ku Chaisa pakati pa alendo. Chimene wavomera n'chakuti mwini makinawo ndiye asankhe reti, ndipo palibe wogulitsa amene amati akapatsidwa ufulu wotchula mtengo n'kudzidyera yekha masuku pamutu. Reti yotereyi nthawi zambiri imakhala yoipa kuposa ya Visa kapena Mastercard, ndipo banki yanu kwanu ingathe kudulabe chaji chake ngati kuti palibe chachitika. Yankho loyenera ndi lomwe limaoneka lamwano: kanani, ndipo nenani kuti ali ku Tanzania awerenge m'mashilingi, ali ku South Africa awerenge m'marandi.

Kuonjezera apo, kwacha ya Zambia nayo siikhala pansi. Pakati pa 2021, dziko litalephera kulipira ngongole zake zakunja mu November 2020, dola imodzi inkagulidwa ndi ndalama zoposa K22. Chisankho cha mu August 2021 chitangotha, idatsika mpaka kufupi ndi K16, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 inali itapitirira K27. Ndalama yoyenda chonchi ingathe kusuntha ngakhale m'masiku awiri. Pamenepa pali chinsinsi china chimene ambiri sachidziwa: reti imene imagwira ntchito nthawi zina ndi ya tsiku limene mabanki amaliza kuwerengerana, osati ya mphindi imene mwadina batani. Mwatapa Loweruka, nkhani yanu n'kukatha Lolemba kapena Lachiwiri. Nthawi zina mphepo imeneyi imaombera kwa inu n'kukubwezerani tinyenyeswa, tisaname, koma palibe amene angakonze bizinesi podalira kuti mphepo imukomera mtima.

Ena amati zonsezi n'zazing'ono, munthu wamkulu sangalire chifukwa cha timakwacha. Tiyeni tiwerenge ndi ziwerengero zongoyerekeza, chifukwa banki iliyonse ili ndi zake. Tinene kuti chaji chokhazikika ndi K60. Wotapa ndalama zokwana K6,000 kamodzi walipira 1 peresenti. Wotapa K600 walipira 10 peresenti pa ntchito yomweyo, makina omwewo, batani lomwelo. Choseketsa, ngati pali choseketsa, n'chakuti wotapa pang'onopang'ono ndiye wochenjera wa m'komboni, amene adaphunzira kugula mafuta ophikira a lero lokha ndi kapamela ka ufa, ndipo amaopa kuyenda ndi ndalama zambiri pakati pa anthu osawadziwa. Nzeru imene imamusunga mu Garden ndi yomwe imamudyetsa kwa makina. Ngakhale atafuna kutapa zonse kamodzi, makina amamuletsa. Ku Tanzania pepala lalikulu ndi la mashilingi 10,000, ndipo makina ambiri satulutsa zoposa 400,000 pakamodzi. Wofuna mpamba wa katundu wambiri amalowetsa khadi kangapo, ndipo chaji chimamupatsa moni ulendo ulionse, mosatopa, ngati mlamu wosauka. Phindu la chitenje chimodzi pamsika wa COMESA kapena ku Kamwala si lalikulu moti n'kumagawana ndi khoma la eni.

Apa ndiye pamabwera otsutsa amphamvu, amene amati mwambiwo ukuwathandiza iwo. Ngati fodya wako ndi amene ali pamphuno, iwo amatero, siyani makhadi, gulani madola ku bureau de change kapena kwa anyamata a mu Katondo Street, muwamange m'chiuno, basi. Mfundoyi ili ndi mano, ndipo amalonda ambiri akale amachita chomwecho. Koma ndalama ya m'chiuno nayo ikadali pachala, kungoti mphepo yake ili ndi miyendo iwiri. Imakwera basi yomweyo, imadziwa kuti amayi opita ku Nakonde sanyamula nsima yokha, ndipo ikatenga imatenga zonse, pamene banki imatenga gawo n'kukusiyirani risiti. Osintha ndalama a pamalire ali ndi zala zimene zimawerenga mapepala khumi pamene alipo asanu ndi atatu. Madola akale kapena ong'ambika amakanidwa, ang'onoang'ono amagulidwa motsika kuposa a 100, ndipo wodutsa malire a Zambia ndi ndalama zoposa madola 5,000 ayenera kuzilembetsa kwa a kasitomu. Komanso bureau siisintha mwaulere: kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira pabolodi paja ndi chaji, ngakhale sichitchedwa choncho. Amene wasintha kwacha kukhala madola ku Lusaka, madola kukhala mashilingi ku Tunduma, wapereka kawiri ali maso.

Pali malo amodzi pamene otsutsawa amapambana poyera, ndipo ndi ku Malawi. Kumeneko kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, komabe madola adapitiriza kusowa, ndipo mtengo wa pamsewu udathawa kutali ndi wa kubanki. Makina amakupatsani ndalama pa reti ya kubanki, pamene mitengo ya katundu wambiri m'masitolo imatsatira ya pamsewu. Mlendo wa khadi amakhala ngati wolemera potuluka mu Garden ndi wosauka pofika ku Area 2 ku Lilongwe. Kusintha ndalama pamsewu n'koletsedwa ndi lamulo, ndipo nkhani ino siikutumani kumeneko, koma zikusonyeza kuti funso lenileni silakuti khadi kapena ndalama ya m'manja. Funso ndi lakuti: pa kwacha zimene zachoka kwa ine, ndalandira zingati za kuno? Gawani ziwerengero ziwirizo, ndipo yankho lake ndiyo reti yanu yeniyeni, osati imene Google imaonetsa, chifukwa imeneyo ndi ya mabanki akamagulitsana okhaokha ndipo palibe wa basi amene adaigwirapo.

A kubanki nawo ali ndi chonena, ndipo tiwamvere. Makina amagulidwa, amalondedwa, amadzazidwa ndalama, ndipo khadi likabedwa pali wina amene amayankha foni usiku. Ntchito imeneyo njoyenera malipiro, palibe akukana. Dandaulo n'lakuti malipirowo amabisala. Wogulitsa tomato pamsika wa mu Garden amatchula mtengo musanagule, ndipo akati mulipire kaye mtengo mudzaudziwa Lachiwiri, msika wonse ungamuseke. Bank of Zambia idaonetsa mu 2018 kuti ili ndi ndodo pamene idaletsa machaji angapo amene idawaona kuti ndi opanda chifukwa. Ndodoyo siingafike pamakina a ku Johannesburg, koma imafika bwino pa banki imene idakupatsani khadi. Ku Ulaya, mayiko a European Union adalamula kuti kuyambira mu April 2020 woyendetsa makina azionetsa kuti reti yake yapitirira ya banki yawo yaikulu ndi peresenti ingati, munthu asanadine. Banki imene imatha kukutumizirani uthenga wa pafoni wokufunirani zabwino pa tsiku lanu lobadwa siingalephere kukutumizirani wina wonena reti imene yagwiritsa ntchito ndi chaji chilichonse payekha.

Akuluakulu a maboma amaidziwa nkhaniyi. Pokhazikitsa njira yolipirirana ya PAPSS ku Accra mu January 2022, banki ya Afreximbank idati Africa imataya pafupifupi madola 5 biliyoni pachaka posintha ndalama podzera m'ndalama za kunja. Likulu la COMESA lili pa Ben Bella Road, ulendo wa minibasi kuchokera mu Garden, komabe kwacha ya Zambia ikafuna kukacheza ndi mnzake wa dzina limodzi ku Lilongwe kawirikawiri imayamba yavala suti ya ku America. Misonkhano ikuchitika, ndipo mwina tsiku lina idzabala. Koma mayi amene basi yake inyamuka mawa m'mawa sangadikire kuti nduna zimalize tiyi.

Choncho musanapite pa Intercity, lowani m'banki yanu mufunse mndandanda wa machaji a kutapa ndalama kunja, chokhazikika ndi cha peresenti, ndipo akulembereni papepala. Auzeninso kumene mukupita kuti asatseke khadi poganiza kuti labedwa. Mukafika, tapani kochepa koma zokwanira, pamakina a m'kati mwa banki kapena m'sitolo yaikulu, ndipo pamene wogulitsa alandira khadi popanda kuonjezera mtengo, lipirani ndi khadilo. Makina akadzipereka kukusinthirani ndalama, akaneni. Gawani mpamba pawiri, wina m'khadi wina m'thumba, sungani marisiti onse, ndipo pobwerera muwayerekeze ndi sitetimenti musanaike mitengo pakatundu, chifukwa machaji amene simunawawerengere m'mtengo mudzawalipira nokha. Mukapeza chaji chimene simunauzidwe, kadandauleni kubanki kwanu molemba, ndipo akapanda kukuyankhani, pitani nayo nkhaniyo ku Bank of Zambia.