Ukaipa Dziwa Nyimbo, Ngakhale Uli Mwala

Ku Northmead kukada, munthu amene nkhope inamukana sakhala pansi n'kumalira. Amavala suti yonyezimira, makiyi a galimoto yobwereka ali m'manja, n'kuyamba kufotokoza za katundu wake amene akuti ali m'njira kuchokera ku Dubai. Makolo anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo anthu a mu Lusaka amaumvera mwambiwu kuposa malamulo a pamsewu wa Great East. Chimene makolowo sankadziwa n'chakuti pansi pa nthaka palinso mwala umene unatsatira malangizo awo.

Dzina lake ndi painite, ndipo kukongola kunaulambalala. Nthawi zambiri umakhala wofiira moderako, mwina wakuda, wodzaza ming'alu. Unapezeka ku Burma, dziko limene lero ndi Myanmar, m'zaka za m'ma 1950. Mngelezi wina wochita malonda a miyala, Arthur Pain, ndiye anaupititsa kwa akatswiri a ku London, amene ataupima anaona kuti ndi mtundu wachilendo. Mu 1957 anautcha dzina la mkuluyo.

Nyimbo yake inali imodzi yokha: kusowa. M'kati mwake muli boron ndi zirconium, zinthu ziwiri zimene m'nthaka sizikumana kawirikawiri, pamodzi ndi calcium ndi aluminium. Kufikira 2001, dziko lonse linkadziwa timiyala titatu tokha, ndipo buku la Guinness linaulemba ngati mwala wosowa koposa yonse. Osonkhanitsa miyala, amene sakanautola akanaupeza pabwalo, anayamba kuulota usiku.

Koma woyimba wa nyimbo imodzi sachedwa kusasa mawu. Mu 2005 okumba a m'dera la Mogok anagwera pamalo pamene panatuluka tizidutswa masauzande. Painite woyera bwino, woti n'kusemedwa, akadali wodula, koma timphumphu todera tija tsopano timagulitsidwa pa intaneti kwa aliyense.

Zambia nayo ili ndi m'bale wake wa painite, poti tourmaline nayenso ali ndi boron. Ku Lundazi, m'chigawo cha Kum'mawa, kuli mgodi wa Canary, umene m'zaka za m'ma 1980 unayamba kutulutsa tourmaline wachikasu wodzaza manganese. Wambiri amatuluka m'nthaka ali wodera, wosachititsa kaso. Ndiye amamuwotcha pa moto wa madigiri pafupifupi 500 mpaka kuderako kutachoka, chikasu n'kuwala. Kumeneko mwala woipa sautaya nthawi kuuphunzitsa nyimbo, amangoupititsa ku saluni. Mwina makolo akanaona zimenezi akanaukonzanso mwambi wawo.

Vuto limabwera miyala ikafika mu mzinda, itakulungidwa m'kapepala. Wogulitsa amatsitsa mawu, amayang'ana uku ndi uku, amalumbira kuti watsala umodzi wokha ndipo mzungu wina akuudikira. Bwana wa ku Kabulonga, amene pogula tomato amanenerera mpaka wogulitsa atatopa, apa amangosolola chikwama. Saganiza n'komwe zoukanda, pamene painite weniweni ndi wolimba kufika pa 8 pa sikelo ya Mohs, ndipo galasi la botolo silifika ndi pa 6 pomwe.

Painite amadziwika kuti amachokera ku Myanmar kokha. Choncho wina akamutulutsa m'thumba ku Woodlands n'kunena kuti wamukumba dzulo ku Lundazi, amene akuyimba pamenepo si mwala ayi.