Kaundula wa ndalama: thanki ya madzi a injini, Mpama, 2024

Galimoto: Land Rover Defender ya injini ya 300Tdi, ya 1996, yomwe anatisiyira malemu apongozi. Ndi imene imanyamula tomato ndi nandolo wathu kupita ku Limbe.

Julayi. Guluu womatira, K6,500. Thanki yakuda yapulasitiki yayamba kuchucha pamsoko, pomwe mbali zake ziwiri zinalumikizana. Ukapitsapo chala umamva kamng'alu kosaposa tsitsi, ndipo m'mbali mwake mwauma zoyerayera ngati mchere. Yatumikira zaka 28, kutentha masana, kuzizira usiku, mpaka pulasitiki yauma gwa. Guluu wagwira injini ili yozizira, itatentha wamatuka.

Julayi yemweyo. Madzi a pamjigo othiramo m'mawa uliwonse, aulere. Dzimbiri lomwe amasiya mu rediyeta sindinalipeze mtengo wake.

Ogasiti. Thanki ya kaunjika ku Ndirande, K35,000. Thiransipoti ya bambo a kunyumba, K8,000. Thankiyi ndi msinkhu umodzi ndi yathu ija.

Sepitembala. Yaphulika pa Njuli, katundu ali pamwamba. Kukoka galimoto kufika kunyumba, K40,000. Bambo akuti kamuvi ka kutentha sikanasunthe. Amakanika afotokoza kuti madzi akatha mwadzidzidzi, kachipangizo koyeza kamatsala pouma, ndiye sikanena kanthu. Mutu wa injini imeneyi ndi wa aluminiyamu, ndipo wapindika.

Gasiketi, K95,000. Kupala mutu kuti uwongoke, K70,000. Amakanika, K60,000, kuphatikizapo nsima ya masana.

Apa ndilembe zomwe amakanika ananena ali chigonere pansi pa galimoto, chifukwa ana adzazifuna. Thankiyi si chigubu chongosungira madzi. Madzi akatentha amafufuma, ndipo amathawira mmenemo. Chivindikiro chake chimapanikiza mpweya kuti madzi asawire pa madigiri 100 koma cha m'ma 120. Choncho chilichonse chomatira chiyenera kupirira moto ndi mphamvu nthawi imodzi. Pa Land Rover yakale ya Series III, rediyeta inali yamkuwa. Ikabooka ankaiwotcherera ndi mtovu, mawa lake n'kubwerera pamsewu. Pulasitiki yokalamba ilibe mankhwala otero. “Mayi, imeneyi ikayamba kulira, musaipembedze, ingoichotsani,” anatero.

Okutobala. Thanki yatsopano, yapulasitiki yoyera, alamu atitumizira pabasi kuchokera ku Johannesburg, K120,000. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodutsa pa Mwanza chimafika chitalemera. Yaaluminiyamu inaliponso, yolimba ndithu, koma mtengo wake sitikanaufikira. Ine ndakondwa ndi yoyerayi: madzi amaonekera kunja, moti ngakhale mwana wa sitandade 5 atha kunena kuti atsika.

Chivindikiro chatsopano, K18,000. Chakale mpira wake unali utaphwanyika, ndipo chivindikiro chokana kutulutsa mpweya chimang'amba thanki ngakhale yatsopano. Mankhwala oziziritsa injini, osakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera, K45,000. Amenewa ndi amene amaletsa dzimbiri. A pamjigo okhaokha sadzalowamonso.

Zonse pamodzi: K497,500.

Kochokera: mbuzi ziwiri, nandolo yemwe tinasungira fizi ya teremu yoyamba, ndi ngongole ya kubanki m'khonde, K150,000, yobweza pofika Disembala. Tomato amene anaphwanyikira pa Njuli ndamulemba patsamba lina.