Vinyo nayenso ndi ndiwo

Ife amene mtengo wa nyama kubutchala unatilowetsa mumpingo wa osadya nyama popanda ubatizo tili ndi dandaulo. Anzathu a ku London amasiya nyama pomvera chisoni ng'ombe, pomwe ife ng'ombe ndi imene imatimvera chisoni ikationa tanyamula kapaketi ka soya pisi. Tsono zikumveka kuti tonsefe takhala tikudya nyama osadziwa, ndipo chondiwawa ine n'chakuti sindinaimve kukoma.

Tiyambe ndi vinyo. Kuti aoneke woyera m'botolo, opanga ambiri amathiramo choyera cha dzira, mapuloteni a mkaka, gelatin wochokera ku zikopa za nkhumba ndi mafupa a ng'ombe, kapena isinglass, wopangidwa ndi kathumba ka mpweya kamene kamathandiza nsomba kuyandama. Zimenezi zimakoka zinyalala n'kumira nazo pansi. Mowa wa Guinness unkayeretsedwa ndi nsombayi mpaka cha mu 2017. Choncho mayi amene amakalipa kuti bambo amwera ndalama ya ndiwo sanafufuze: munthuyo akumwa ndiwo. Mu sosi wa Worcestershire muli tinsomba tonga usipa. Tchizi cha Parmesan amachipanga ndi za m'chifu cha mwana wa ng'ombe. Kufiira kwa maswiti ena, kolembedwa E120, ndi tizilombo tosinja, tambiri tochokera ku Peru. Ndikawonkhetsa zonsezi, ine ndimadya nyama kuposa mwini butchala, kungoti lamba wanga sakuvomereza.

Opanga vinyo amati zoyeretsera vinyozo zimasefedwa, m'botolo simutsala kanthu. Zoona, koma nsombayo idafa ndithu, ndipo amene adasiya nyama chifukwa cha chikumbumtima safunsa ngati mtembo udachotsedwa pamalo a ngozi. Ena anganene kuti ife odya ngumbi ndi mbewa tilibe pakamwa podandaulira tizilombo. Pamenepo mpomwe pali mfundo yanga. Mnyamata wogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu amazikweza m'mwamba pakamtengo, ubweya, mchira ndi mano zonse poyera. Wofuna amaimitsa basi, wosafuna amayang'ana kumbali. Mnyamatayu sadalembepo chizindikiro, koma amanena chilungamo kuposa fakitale.

Ku Ulaya, kuyambira 2012 botolo la vinyo liyenera kuulula dzira ndi mkaka zikatsalamo, chifukwa zimadwalitsa anthu ena, koma nsomba idakhululukidwa, mwina ili ndi loya wabwino. Kampani ya McDonald's mu 2002 idavomera kulipira madola 10 miliyoni Ahindu ndi osadya nyama atadandaula kuti tchipisi chake chidali ndi zokometsera za ng'ombe. Ku India paketi imakhala ndi kadontho kobiriwira ngati mulibe nyama, moti ngakhale wosadziwa kuwerenga amaona. Inki ya kadonthoko ndi ya ndalama zingati? Msilamu wa ku Mangochi kapena wa Seventh Day wa ku Malamulo sayenera kuchita maphunziro a sayansi kuti adziwe ngati mu switi ya mwana wake muli nkhumba.