Oweruza a 300 ku Mponela ndi ku Ntchisi

Filimu ya 300 inatuluka mu 2007, koma m'nyumba za vidiyo siinakalambe. Anthu akatopa ndi karate, mwini vidiyo amaibweza pabolodi. Nkhani yake ndi nkhondo ya ku Thermopylae, ku Greece, mu 480 BC, pamene Leonidas, mfumu ya ku Sparta, anatseka kampata ka pakati pa phiri ndi nyanja kuti chikhamu cha Xerxes wa ku Perisiya chisadutse. Kuno kumapiri filimuyi ili ndi oweruza ambirimbiri. Olipira pakhomo ndiye osowa.

Woyamba ndi wakabaza wa pa Mponela. Anaima pabolodi, nawerenga, napukusa mutu.

"300 yokha? Achimwene, chinthu chotchipa chonchi masiku ano chimakhala chili ndi vuto."

Atamuuza kuti si mtengo koma chiwerengero cha asilikali, sanabwerere m'mbuyo. "Ndiye mwaonatu. Ndalama zinawathera asanalembe ena."

*

Mkulu wa mpingo wa ku Madisi anangoona chithunzi cha pachikuto: amuna a zifuwa pamtunda, timakabudula tachikopa, nsalu zofiira kumsana. Mlandu unathera pomwepo.

"Amuna 300 opanda thalauzi ngakhale mmodzi. Akazi awo ali kuti osawadzudzula?"

Mnyamata wa kwaya anawauza mwaulemu kuti akatswiri ambiri amati Xerxes ameneyu ndiye Ahaswero, mwamuna wa Estere wa m'Baibulo. Anawaonetsanso pafoni mmene filimu inamuvekera: mutu wampala, maunyolo agolide thupi lonse, ndolo mpaka kumaso. Akuluwo anavala magalasi, nayang'anitsitsa.

"Mwana wanga, Moredekai sakanalola."

*

Aphunzitsi opuma a pa Ntchisi boma ndiye amaweruza ndi umboni, ndipo umboni wawo ndi woona. Filimuyi, iwo amatero, siinachokere m'buku la mbiri koma m'buku la zithunzi zojambula pamanja la Frank Miller la mu 1998. Zack Snyder anaijambulira m'nyumba ku Montreal, mapiri ndi mitambo n'kuziika pakompyuta. Leonidas wake ndi Gerard Butler wa ku Scotland, Xerxes wake ndi Rodrigo Santoro wa ku Brazil. Chimene chimawapweteka koposa ndi anthu 700 a ku Thespiae amene anatsala ndi Leonidas tsiku lomaliza n'kufera pomwepo, koma dzina la filimu silikuwawerengera.

"Ntchito agwire 1,000, dzina litchuke la 300. Zimenezi tinaziona kale ku unduna."

"Koma aphunzitsi, munaionera?"

"Ndionerenji bodza? Ine ndinawerenga Herodotus."

Apa mdzukulu wawo wa Fomu 3 anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. Herodotus, wolemba mbiri ya nkhondoyo, iye anati, anabadwa cha m'ma 484 BC. Nkhondo ikumenyedwa anali ndi zaka zinayi, ndiponso anali kutsidya la nyanja. Naye anangomva kwa ena.

Aphunzitsi anamwa tiyi kaye. "Basi, ine ndi Herodotus tili gulu limodzi."

*

Ku Mvera, dera la Inkosi Chiwere, agogo ena achingoni anamva adzukulu akukamba za zishango, mikondo ndi amuna oima phewa ndi phewa. Sanafunenso kumva zambiri.

"Amenewo ndi athu. Anasochera powoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835."

"Agogo, izi zinachitika zaka zoposa 2,000 Zwangendaba asanabadwe."

"Ndiye kuti anatsogola."

Anafunsa chimodzi chokha: ng'ombe analanda zingati? Atamva kuti palibe ngakhale thole, anawakana pomwepo. Mngoni sangafere phiri lopanda khola.

Uthenga utafika kwa anzawo achichewa a m'munsi mwa phiri la Ntchisi, chiweruzo chinatembenuka. Makolo a kumeneko ankathawira m'nkhalango ya paphiripo nthawi ya nkhondo za Angoni, ndipo agogowo saona chochititsa manyazi pamenepo.

"Waona adani ambiri ngati dzombe, phiri lili pambali pako, iwe n'kuima panjira? Ife tinakwera. N'chifukwa chake lero ndili pano ndikukazinga chimanga. Leonidas wanuyo akukazinga chiyani?"

Pa oweruza onsewa, ine ndimaima ndi agogo achichewa amenewa. Sanaone filimu, koma funso lawo ngakhale Snyder sanaliyankhe.

*

Osaganiza kuti mkangano ndi wa kuno kokha. Mu Malichi 2007 akuluakulu a boma la Iran anakalipa kuti filimuyi ikunyoza makolo awo, poonetsa Aperisi ngati zilombo ndi zidangwaleza. Dandaulo lawo lili ndi mutu, ndipo amene anaionera angavomereze. Mlimi wa fodya wa ku Malomo atamva zimenezi anafunsa ngati Xerxes anasiya ana. Atauzidwa kuti anasiya, anagamula: "Apite kwa amfumu. Hollywood ilipe mbuzi."

*

Pamapeto pake anapezeka mmodzi amene analowadi mkati, kamnyamata kogulitsa mandasi pa Dowa boma. Kanaonera yomasuliridwa m'Chichewa, ija womasulira amalankhula yekha mawu a mfumu, a mfumukazi ndi a njovu yomwe. Anthu anakazungulira.

"Tatiuza iwe, nkhondo inayamba bwanji?"

"Makuponi a feteleza. Wamtali uja anabwera ndi mayina a kwawo okhaokha."

"Nanga amene anaponyedwa m'chitsime uja?"

"Mlangizi."

Aphunzitsi aja akanakhalapo akanakomoka. Koma anthu anagwedeza mitu, poti tsopano nkhani inamveka.

"Ndiye anapambana ndani?"

"Leonidas, mosavuta."

Zinadziwika pambuyo pake kuti magetsi anathima filimu isanathe, mwini vidiyo n'kukana kubweza ndalama. Kamnyamatako kanatuluka Leonidas akadali moyo, ndipo mpaka lero pa Dowa boma palibe angakatsutse, chifukwa ndi kokhako kanalipira pakhomo. Inu mukadutsa kumeneko, gulani mandasi awiri kaye musanakauze kuti Leonidas anaphedwa tsiku lachitatu la nkhondoyo.